Buledi Ikakana Kulowa, Utuchi Ukakana Kutuluka: Kupeza Vuto mu Shopu ya Matabwa

Zida za matabwa zimapangidwa m'mayiko osiyanasiyana, ndipo opanga sanagwirizanepo pa muyeso umodzi. Ena amayeza m'mainchi, ena m'mamilimita, ndipo ena amangodzipangira muyeso wawowawo kuti muzigula za kampani yawo basi. N'chifukwa chake mungagule buledi yatsopano n'kukana kulowa pa shafuti, kapena payipi ya fumbi n'kumangogwa pa makina. Musanatole hamala kapena fayilo, gawani vutolo pawiri. Pamene pali chitsulo chozungulira mothamanga, muyeso uyenera kufanana ndendende ndipo palibe zodzipangira. Pamene pakungodutsa mpweya ndi utuchi, dzipangireni cholumikizira mmene mungathere, bola musaphinje njira ya mpweyawo.

Choyamba: zulani pulagi, kenako yezani

Kuzimitsa pa switchi sikukwanira. Zulani pulagi, kapena chotsani batire, musanayandikize chala ku buledi.

Tepi yoyezera matabwa singakuthandizeni pano, chifukwa kusiyana kumene tikufuna n'kochepera theka la milimita. Pezani vernier, chida choyezera chimene chimaonetsa ngakhale tizigawo ta milimita, ndipo muyeze zinthu zonse ziwiri: chimene chikulowa ndi bowo limene chikulowamo. Musadalire zimene zalembedwa pa paketi zokha. Lembani manambalawo papepala. Pukutaninso pamalopo musanayeze, poti utomoni wouma, dzimbiri ndi utuchi womatirira zimachepetsa bowo, ndipo nthawi zambiri chida chimene mukuti n'cholakwika chimakhala chongoda.

Chachiwiri: biti ya router

Apa ndi pamene anthu amanamizidwa kwambiri, ndiye tikhalitsepo.

Router ndi makina okumbira ngalande ndi kukongoletsa m'mphepete mwa thabwa, ndipo biti ndi kachitsulo ka mano kamene kamadula. Mabiti a router amabwera ndi tsinde la miyeso iyi: 6 mm, 8 mm, 12 mm, kota ya inchi ndi theka la inchi. Kota ya inchi ndi 6.35 mm, theka la inchi ndi 12.7 mm. Mukagoneka biti ya 6 mm pambali pa ya kota ya inchi, maso sangakuuzeni kuti iyi ndi iti. Koma collet, kachitsulo kong'ambikang'ambika kamene kamafinya tsinde la biti, kanapangidwira muyeso umodzi wokha. Biti ya 6 mm mu collet ya 6.35 mm imalowa bwinobwino, natinso imaoneka ngati yamanga, koma pamakhala mpata wa 0.35 mm. Router ikayamba kuzungulira maulendo oposa 20,000 pa mphindi imodzi, bitiyo imayamba kutsetsereka pang'onopang'ono. Mumazindikira poona kuti ngalande imene mukukumba ikuzama yokha pamene mukupita patsogolo. Zikatero imitsani pomwepo, chifukwa chotsatira ndi biti kuthawa.

Zikatembenuka, biti ya 6.35 mm imakana kulowa mu collet ya 6 mm. Musaikhomerere, musakanule collet ndi sikuludiraiva, musapale tsinde ndi sandipepa. Gulani collet ya muyeso woyenera. Ndi kanthu kakang'ono, ndipo marouter ambiri amalola kusinthitsa.

Ngati miyeso ikufanana koma biti ikutsetserekabe, chitani izi motsatana. Masulani nati yonse, tulutsani collet, ndipo tsukani mkati mwake ndi m'bowo la shafuti ndi kaburashi ka mkuwa ndi sipiriti. Musapakemo mafuta. Yang'anani mkati mwa collet poyera: mukaona mizere yonyezimira kapena mawanga akuda, ndiye kuti biti yakhala ikuzungulira mkatimo, ndipo collet imeneyo yatha. Pobwezeretsa, ngati collet yanu ndi ya mtundu wokoloweka mu nati, ikoloweni mu nati kaye mpaka imveke kuti tha, kenako muike zonse pa shafuti. Lowetsani biti mpaka pansi, ndiye muikoke pang'ono, mamilimita awiri kapena atatu, musanamange. Biti yogunda pansi imalepheretsa collet kutsika, ndiye simanga mokwanira. Onetsetsani kuti magawo atatu mwa anayi a tsinde ali mkati, komanso kuti collet sikuluma pamene tsinde layamba kukula pafupi ndi mano.

Musamange nati popanda biti mkati. Collet imapindika ndipo sibwereranso.

Biti yokanirira, yosafuna kutuluka, siifuna pulayasi. Marouter ambiri amamasuka kawiri: nati imalobodoka, mukapitiriza kuzunguliza imalimbanso, ndipo mukaikanso sipanala ndi pamene imakoka collet n'kumasula biti. Anthu ambiri amaimira pa kulobodoka koyambako.

Chachitatu: buledi ya sowo yozungulira

Mabowo apakati amene mungakumane nawo kawirikawiri ndi 16 mm, 20 mm, 30 mm, inchi imodzi imene ndi 25.4 mm, ndi 5/8 ya inchi imene ndi 15.88 mm. Msampha uli pa 16 ndi 15.88. Buledi ya 15.88 mm singalowe pa shafuti ya 16 mm, ndipo kukuza bowolo ndi fayilo kumasuntha pakati pake, moti buledi imazungulira mokhota n'kumadula ndi mano ochepa okha.

Bowo likakhala lalikulu kuposa shafuti, pali mphete zochepetsera zimene zimagulitsidwa, mwachitsanzo kuchoka pa 30 mm kufika pa 20 mm. Izi n'zololedwa, koma yang'anani zinthu ziwiri. Mpheteyo isakhale yochindikala kuposa thupi la buledi, apo ayi mawashala akuluakulu amene amapana buledi mbali ziwiri amaluma mphete n'kusiya buledi ikuterereka. Ndiponso mawashalawo akhale otambalala kuposa mphete, kuti agwire buledi yeniyeniyo. Washala wamba wotola m'bokosi la mabawuti si mphete yochepetsera.

Werengani liwiro lalikulu limene lalembedwa pa buledi. Likhale lofanana kapena loposa la makina anu. Ndipo buledi ya mano ya sowo isaikidwe pa grinder, ngakhale bowo litalola. Grinder imathamanga kwambiri, ilibe chotsamira pa thabwa, ndipo ikalumidwa imalumphira kwa inu.

Nati ya buledi ikakana kumasuka, mwina mukuimanga. Imamasukira mbali imene mano amazungulira. Pa makina ena zimenezi zimatanthauza kuti mazinga ake ndi akumanzere.

Buledi ikalowa bwino koma ikumagwedezeka, muyenera kudziwa wolakwa. Gwirizitsani pensulo pa tebulo ndi kilampu, nsonga yake ikhale pafupi kwambiri ndi thupi la buledi, ndipo zungulizani ndi dzanja. Pamene pensulo yakhudza, ikanipo chizindikiro pa buledi, ndipo china pa washala wa mkati. Masulani nati, zungulizani buledi yokha theka la ulendo shafuti ili chiimire, mangani, n'kuyesanso. Ngati pensulo yakhudzanso pa chizindikiro chakale cha pa buledi, buledi ndi yopindika. Ngati yakhudza mbali ina, kutsatira chizindikiro cha pa washala, vuto lili pa washala kapena shafuti. Kawirikawiri kamakhala kachitsotso kokanirira kuseri kwa washala.

Mukasintha buledi pa sowo ya patebulo, yezaninso riving knife, kachitsulo kopyapyala koima kumbuyo kwa buledi. Kayenera kukhala kochindikala kuposa thupi la buledi koma kopyapyala kuposa mpata umene mano akudula. Mukaika buledi yopyapyala n'kusiya kachitsulo kakale, thabwa limakanirira pakati pa ulendo. Yankho ndi kupeza kachitsulo koyenera, osati kukachotsa, chifukwa ndi kamene kamaletsa thabwa kufinya buledi n'kukubwererani m'mimba.

Chachinayi: chuck ya makina oboolera imene ikumagwa

Pa makina oboolera oimika, chuck, chitsulo cha mano chimene chimagwira biti yoboolera, nthawi zambiri sigwiridwa ndi bawuti. Imagwira chifukwa cha kukhuzana kwa zitsulo ziwiri zosongoka pang'ono. Chitsulo cholumikiza chuck ku shafuti n'chosongoka mbali zonse ziwiri: mbali yolowa mu shafuti nthawi zambiri ndi ya mtundu wa Morse, monga MT2, ndipo mbali yolowa mu chuck imakhala ya Jacobs, monga JT33, kapena ya mtundu wa B, monga B16. JT33 ndi B16 n'zoyandikana kukula koma kusongoka kwake n'kosiyana, choncho werengani zimene zadindidwa pa chuck.

Ikagwa, tsukani mbali zonse ziwiri ndi sipiriti mpaka kansalu kazituluka koyera. Fufuzani ndi chala ngati pali kachitsulo kotukuka, ndipo kasalazeni ndi mwala wonolera wosalala. Jambulani mizere itatu ndi cholembera cha inki m'litali mwa chitsulo chosongokacho, chilowetseni, chipotozeni pang'ono, chitulutseni. Inki ikafufutika kuyambira pamwamba mpaka pansi, zikugwirizana. Ikafufutika kumapeto amodzi okha, mitundu yake ndi yosiyana ndipo kumenya sikungathandize. Pomanga, bwezani mano a chuck mkati onse, ikani kathabwa pansi pake, ndipo menyani kamodzi molimba ndi hamala pa kathabwako. Ngati mumagwiritsa ntchito makinawa posalazira matabwa cham'mbali, chuck idzagwabe, poti inapangidwira kukankha cham'munsi.

Zina zing'onozing'ono tingazidutse mwachangu. Mabuledi a jigsaw, sowo ya m'manja yodulira zokhotakhota, ali ndi matsinde awiri odziwika, la T ndi la U, ndipo tengani yakale popita kogula. Ngalande ya pa tebulo la sowo pa makina ambiri imakhala pafupifupi 19 mm m'lifupi ndi 9.5 mm kuya, koma makina ang'onoang'ono amakhala ndi yawo. Chitsulo choyenda m'ngalandemo chikamagwedera, khomani timaenje tingapo ndi panchi m'mbali mwake kuti chitukuke pang'ono, ndipo mukapyoza muyeso bwezani ndi fayilo.

Chachisanu: dziwani mtundu wa makina okoka fumbi amene muli nawo

Tsopano tafika ku mbali ya mpweya. Madandaulo ambiri akuti makina sakukoka amachokera pa kulumikiza makina abwinobwino pa ntchito yosayenera.

Pali mitundu iwiri. Vakyumu ya payipi yaing'ono imakoka mwamphamvu koma mpweya wochepa. Imayenerera zida za m'manja: sander yosalazira matabwa, router, sowo ya m'manja, zimene makomo ake otulukira fumbi amakhala a pakati pa 27 mm ndi 36 mm kapena chapafupi pamenepo. Makina aakulu a thumba, a payipi ya 100 mm kapena kuposa, amasuntha mpweya wochuluka koma alibe mphamvu yoguza kudzera pa bowo laling'ono. Amayenerera puleni ya magetsi yaikulu, sowo ya patebulo ndi bandsaw.

Masamu ake ndi osavuta. Payipi ya 100 mm ili ndi khomo la masikweya sentimita pafupifupi 78. Ya 50 mm ili ndi pafupifupi 20. Mwachepetsa m'lifupi ndi theka, koma khomo latsala gawo limodzi mwa anayi. Mukatenga makina aakulu n'kuwachepetsera ku payipi ya sander, mwawatsamwitsa, monga munthu wothamanga amene akupumira m'kabango. Mukaika vakyumu pa puleni yaikulu, payipi imadzadza zopala musanamalize thabwa limodzi.

Kuti utuchi usagone m'payipi, mpweya uyenera kuyenda pa liwiro la mamita pafupifupi 20 pa sekondi. Mu payipi ya 100 mm, zimenezi zimafuna makyubiki mita pafupifupi 565 pa ola. Ya 150 mm imafuna oposa 1,200. Choncho kukuza payipi popanda kukuza makina kulinso ndi vuto lake: mpweya umayenda mwaulesi, utuchi n'kumaunjikana pansi pa payipi. Nambala imene opanga amalemba pa makina nthawi zambiri amaiyeza popanda payipi yaitali ndiponso sefa ili yoyera, ndiye musayembekezere kuipeza yonse.

Chachisanu ndi chimodzi: kulumikiza payipi yosagwirizana ndi khomo

Yezani kunja ndi mkati mwa khomo la chida, kunja ndi mkati mwa mapeto a payipi. Manambala anayi. Opanga ena akamati 35 mm amanena kunja, ena mkati. Ngakhale payipi ya mainchi anayi si 100 mm, ndi 101.6 mm.

Ngati n'kotheka, payipi ivale kunja kwa khomo la chida, osati kulowa mkati, chifukwa ikalowa mkati imachepetsa njira ndipo m'mphepete mwake mumakodwa zopala. Mpata ukakhala wa milimita imodzi kapena awiri, zungulizani tepi ya magetsi pa chaching'onocho mpaka chilowe molimba. Ukakhala waukulupo, dulani chidutswa cha chubu cha tayala, chivekeni pa zonse ziwiri, n'kumanga ndi kilipi ya payipi mbali iliyonse. Mphira imalolanso chida kugwedezeka popanda kuthyola khomo lake, limene kawirikawiri limakhala la pulasitiki yosalimba. Mungathenso kudula mphete ya pulayiwudi, mkati mwake molingana ndi khomo, kunja molingana ndi payipi. Payipi ya PVC mukaitenthetsa pang'onopang'ono ndi mpweya wotentha imafewa, ndipo mutha kuiveka pa khomo kuti itenge muyeso wake. Chitirani panja, valani magolovesi, ndipo isapse, poti utsi wake ndi woipa.

Pamene mukuyenera kuchepetsa payipi, chepetserani pa chida penipeni, osati pa makina okoka.

Chachisanu ndi chiwiri: kusaka pamene mphamvu ikutayika

Yambirani pa makina n'kumapita ku chida, osati kulumphalumpha.

Chotsani mapayipi onse, yatsani makina, ndipo mverani kukoka kwake ndi chidutswa cha katoni pakhomo, dzanja lili kutali ndi fani. Kukakhala kofooka ngakhale apa, vuto lili m'makina. Onani thumba ngati ladzadza. Likhuthuleni likafika magawo awiri mwa atatu. Onani sefa: fumbi losalala limamata timabowo take, ndipo sefa yooneka bwino kunja ikhoza kukhala yotsekeka mkati mwa mapindo. Mutazula pulagi, suzumirani pakhomo la fani, pamene makina ambiri ali ndi timizati totchinga, ndipo zopala zazitali za puleni zimakolekera pamenepo. Ngati mota ndi ya magetsi a mafezi atatu ndipo mawaya anagwiridwa posachedwa, yerekezani kumene fani ikuzungulira ndi muvi wojambulidwa pa chikuto. Fani yozungulira chambuyo imakokabe, koma pang'ono, ndiye imapusitsa. Woitembenuza akhale wodziwa za magetsi.

Makina akakhala bwino, bwezerani mapayipi chidutswa chimodzichimodzi, mukumvera kumapeto nthawi iliyonse. Pamene kukoka kwagwa mwadzidzidzi, m'pamene pali chotseka kapena pobooka. Kuti mupeze pobooka, yendetsani kapepala kopyapyala m'malo olumikizira, ndipo kadzamatirira pamene mpweya ukulowera.

Kenako yang'anani kayalidwe konse. Payipi yofewa ya mazingamazinga imadya mphamvu kwambiri kuposa yosalala, choncho ikhale yaifupi, yongomalizira pa chida, ndipo yotambasuka. Ngodya yakuthwa ya madigiri 90 isintheni ndi ziwiri za 45. Polekanitsa nthambi gwiritsani ntchito cholumikizira cha Y, osati cha T. Nthambi iliyonse ikhale ndi chitseko chake, ndipo potseguka pakhale pa chida chimene mukugwiritsa ntchito pokha. Zitsekozi zimadzadza utuchi m'ngalande zake n'kusiya kutsekeka bwino, ndiye muzizikolokosa.

Cyclone, chipangizo chooneka ngati fanelo chimene chimazunguliza mpweya kuti utuchi ugwe, yoikidwa pa mgolo patsogolo pa makina, imagwetsa utuchi wambiri usanafike ku sefa, ndipo kwa ine ndi chinthu choyenera kuyambira kugula kapena kupanga kwa amene ali ndi vakyumu. Imadyako mphamvu pang'ono, koma sefa imakhalitsa isanatsekeke. Chivundikiro cha mgolowo chikhale chotseka ndithu. Mpweya ukamalowera pamenepo, utuchi umanyamukanso n'kupita ku sefa. Mgolo wa pulasitiki yofewa umafwaphira payipi ikatsekeka, choncho ikanimo mphete ya thabwa mkati.

Pa zida zopanda khomo la fumbi, monga makina osemera zozungulira, yandikizani kamwa la payipi pamene fumbi likuchokera. Kukoka kumatha msanga mukatalikira. Pa mtunda wofanana ndi m'lifupi mwa payipiyo, liwiro la mpweya limakhala litatsika kufika pafupifupi gawo limodzi mwa khumi. Payipi ya 100 mm yoikidwa theka la mita kuchoka pa ntchito imangochita phokoso.

Chachisanu ndi chitatu: fumbi limene simukuliona

Pansi poyera sipatanthauza mpweya woyera. Utuchi umene mumasesa ndi waukulu ndipo umagwa msanga. Fumbi lochepera mamaikironi 10 (maikironi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita) limayandama nthawi yaitali ndipo limalowa mpaka m'mapapo. Tsitsi la munthu limakhala la mamaikironi pafupifupi 70 kunenepa kwake. M'chaka cha 1995, bungwe la IARC, lofufuza za khansa pansi pa World Health Organization, linaika fumbi la matabwa m'gulu loyamba la zinthu zoyambitsa khansa mwa anthu, makamaka ya m'mphuno. Limayambitsanso mphumu ndi ziwengo za pakhungu. Ku Britain malire a pantchito ndi mamiligalamu 3 pa kyubiki mita ya mpweya pa fumbi la mitengo ya masamba otambalala, ndi 5 pa la mitengo monga paini, powerengera maola asanu ndi atatu. MDF, thabwa la ku fakitale lopangidwa ndi timaulusi ta mtengo totsinditsidwa, imatulutsa fumbi losalala kwambiri losakanikirana ndi guluu.

Thumba wamba la nsalu, limene kawirikawiri limagwira za mamaikironi 30 kupita m'mwamba, limasunga utuchi n'kuuzira fumbi loopsalo m'chipinda momwemo. Sinthani ndi sefa ya maikironi imodzi kapena yoposa pamenepo ubwino, apo ayi ikani makinawo kunja kwa chipinda, kutali ndi mawindo a anthu ena. Mukatero siyani zenera lotseguka kuti mpweya wina uzilowa. Pa vakyumu funani yolembedwa kuti ndi ya gulu la M pa kagwiridwe ka fumbi, kapena ya sefa ya HEPA, imene imagwira 99.97 peresenti ya tinthu ta 0.3 maikironi.

Dziyesereni nokha madzulo. Salazani kathabwa mphindi zingapo makina okoka akuyenda, zimitsani magetsi owunikira, ndipo walitsani tochi yamphamvu modutsa pamene munaima. Zimene mungaone m'kuwalako ndi zimene mukupuma. Sunthani kamwa la payipi, tsekani mipata ya pansi pa tebulo la sowo mosiya polowera mpweya pafupi ndi buledi, n'kuyesanso mpaka mtambowo uchepe.

Masiki ikhale yodindidwa chizindikiro cha FFP2 kapena N95, ndipo FFP3 ndi yabwino koposa pa MDF ndi mitengo yolimba. Ya nsalu sigwira fumbi lotere, ndipo ndevu zimatsegula mpata m'mphepete. Ivaleninso pokhuthula thumba ndi pokutumula sefa, ntchito zimene muzichitira panja. Musauzire fumbi ndi kompuresa. Kokani ndi vakyumu, kapena wazani madzi pang'ono musanasese.

Payipi ya pulasitiki ikamakugwedezani ngati shoko mukaikhudza, lumikizani waya wa m'mazinga ake ku chitsulo cha makina chimene chili ndi waya wa earth, wotsitsa magetsi pansi. Ndipo musakoke zothetheka za grinder, misomali kapena phulusa ndi makina a utuchi. Kamoto kakang'ono kamatha kunyeka mobisika m'thumba kwa maola angapo, n'kuyaka usiku inu mutatseka shopu. Pa tsiku limene buledi yadula msomali kapena thabwa linafuka utsi podula, khuthulani thumba musanachoke, ndipo utuchiwo muusiye panja mu mgolo wachitsulo wovundikira.